Matayala anali ndi mano onse, koma anali atakwanitsa zaka 10

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla Fielder yochokera ku Japan, ndipo inalowera pa Songwe kumayambiriro kwa 2021. Inafika itayenda makilomita osapitirira 60,000, matayala onse anayi a mtundu umodzi, saizi 195/65 R15, mano ake akuya ngati ogula dzulo. Aliyense woiona ankayamba wawerama, kulowetsa chala m'mizere ya tayala, n'kunena kuti, "Apa ndiye mwatola, zaka zitatu osaganizako zogula matayala." Nane ndinavomereza. Palibe ngakhale mmodzi amene anawerenga timanambala tolembedwa m'mbali mwa tayala.

Kwa zaka ziwiri ndi theka galimotoyo inkangozungulira mu Blantyre, ulendo wautali n'kukhala wa ku Zomba, nawonso mwa apo ndi apo. Masana onse inkakhala padzuwa, usiku panja. Mano sankatha, ndiye za matayala sindinkaziganizira n'komwe.

Mu Ogasiti 2023 tayala lakumbuyo linayamba kuphwa pang'onopang'ono. Ndinalitengera kwa bambo wina wachikulire womata matayala m'mbali mwa msewu. Anapeza msomali, koma asanayambe kumata analigudubuzira padzuwa n'kundiitana.

"Bwana, kumata ndimata, koma mukudziwa kuti tayala ili ndi nkhalamba?"

"Nkhalamba bwanji madala, mano ndi awa?"

"Mano alipodi. Tabwerani muone kuno."

Anapinda tayalalo ndi bondo, ndipo pansi pa mizere, pomwe chala chimakafika, panatseguka timing'alu tambirimbiri tonga ta dothi la m'dambo mu Okutobala. Tina tinali m'mbali, pafupi ndi limu. Kenako anapukuta fumbi ndi chala chonyowa n'kundionetsa manambala anayi ali m'kabwalo kooneka ngati dzira: 3113.

Manambala amenewa ndi tsiku lobadwa la tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, choncho 3113 ndi sabata ya 31 ya 2013, cha kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Matayala opangidwa kuyambira 2000 amalembedwa motere. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la m'ma 1990 kapena kale kuposa apo, ndipo malo ake si pa galimoto. Kawirikawiri manambalawa amakhala kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT, koma matayala ena opangira msika wa ku Japan alibe DOT, amangokhala ndi zilembo zingapo kenako manambala anayi aja. Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti nthawi zambiri amalembedwa mbali imodzi yokha. Mukafufuza kunja osawapeza, ndiye kuti ali mbali yoyang'ana kunsi kwa galimoto, ndipo muyenera kugona pansi ndi tochi kapena kumasula tayalalo.

Tinazungulira galimoto yonse. Atatu anali 3113, limodzi 3213. Onse anali atangokwanitsa zaka 10 mwezi womwewo.

Ndinayeza mano ndi geji, ndinapeza mamilimita 5 kutsogolo, kumbuyo kuposerapo pang'ono. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mano a mamilimita 7 kapena 8, ndipo timapiri ta labala tomwe timakhala m'kati mwa mizere, tosonyeza kuti tayala latha, timafanana ndi mano akatsala mamilimita 1.6. Ndinawerengera mumtima kuti theka la moyo wa matayala likadalipo, ndiye kuwataya n'kutaya ndalama. Ndinafunsabe mtengo wa anayi atsopano m'sitolo ina, ndipo nditaumva ndinati zidikire Disembala. Ndinkadzitonthozanso ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yomwe inali isanathe, ngati kuti pepala lingagwire labala. Ndinalakwa apa, ndipo ndinalakwa ndikudziwa kale deti.

Mu Seputembala galimoto inayamba kunjenjemera ikafika makilomita 80 mpaka 90 pa ola. Chiwongolero sichinkagwedezeka kwenikweni, kunjenjemerako kunkamvekera pampando ndi pansi pa mapazi, chomwe chimasonyeza kuti vuto lili kumbuyo. Ndinakachititsa balansi, komwe amamata timitovu pa limu kuti tayala lizilemera mofanana mbali zonse. Zinachepa kwa sabata imodzi n'kubwereranso. Ndinakachititsanso kachiwiri, n'kuwonjezera alaimenti, yowongola komwe matayala amaloza. Ndalama zonsezo zinapita m'madzi, chifukwa tayala lomwe layamba kulekana m'kati limasintha maonekedwe tsiku ndi tsiku, ndipo timitovu ta balansi timangobisa vutolo kwa kanthawi.

Chofunika kuchita pamenepo n'chosafuna ndalama. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, tchingani matayala ena ndi miyala, kwezani ndi jeke, ndipo zungulizani tayala ndi dzanja mukuyang'ana mano mutaima kutsogolo kwake. Tayala labwino limazungulira mowongoka. Lomwe lalekana m'kati limaonetsa malo otukuka ngati chotupa chachitali, kapena mizere yake imapotoka ngati njoka pamalo amodzi. Yendetsani chikhatho pamwamba pake mosamala, poti nthawi zina timawaya timakhala tatulukira ndipo timabaya. Chizindikiro china chimamveka mukamayenda pang'onopang'ono kwambiri pa phula losalala: galimoto imatsimphina, kumbuyo kumagwedezeka uku ndi uku mogwirizana ndi kuzungulira kwa tayala. Ndinkazimva potuluka pageti m'mawa uliwonse, koma ndinkati ndi msewu.

Sabata yomaliza ya Okutobala kunagwa ulendo wa ku Nchalo. Tinakwera anthu anayi, kumbuyo matumba awiri a chimanga ndi zikwama. Tinanyamuka mochedwa, kotero potsetsereka kupita ku Thabwa dzuwa linali pamutu. Odziwa ku chigwa cha Shire akudziwa kuti nyengo imeneyo kutentha kumafika madigiri 40, ndipo phula limatentha kuposa apo. Mpweya sindinayeze m'mawa umenewo. Tinawoloka Shire pa Kamuzu Bridge, kudutsa pa Dyeratu, msewu n'kuwongoka, ine n'kuponda mpaka 100.

Kunjenjemera kuja kunakula mwadzidzidzi, kenako kumbuyo kumanzere kunamveka phokoso ngati munthu akumenya chitseko ndi lamba, phwa phwa phwa, mofulumira kwambiri. Kumbuyo kwa galimoto kunayamba kukokera kumanzere. Phazi linathamangira pa buleki lokha, ndipo chinandipulumutsa n'chakuti ndinangogunda pang'ono n'kuchotsa. Zikatere musaponde buleki mwamphamvu, makamaka likakhala tayala lakumbuyo, chifukwa kumbuyo kumatembenuka n'kukhala kutsogolo. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, galimoto iziloza komwe imapita, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, ndipo buleki muyambe kuigwira liwiro litatsika kale. Tinakaima patali ndithu, kunja kwa phula. M'galimoto munali zii, ndipo miyendo yanga inakana kundinyamula kwa kanthawi. Chomwe chinkandizungulira m'mutu ndi njinga zomwe tinali titangozidutsa kumene m'mbali mwa msewu.

Chodabwitsa n'chakuti tayalalo silinaphulike. Mpweya unali momwemo. Chomwe chinachoka ndi chikopa chonse cha pamwamba, chokhala ndi mano chija, pamodzi ndi mawaya ake. Chinasendeka ngati khungwa, chidutswa china n'kutsalira pamsewu, china chikulendewera. Mano ake anali akuya bwinobwino. Posendekapo chinaphwanya pulasitiki ya m'kati mwa madigadi, kung'amba ngodya ya bampala, kupinda m'mphepete mwa madigadi, ndi kudula mawaya a nyali yakumbuyo.

Sipeya inali ija yopyapyala yobwera ndi galimoto, ya 2010, yosagwirapo ntchito. Sipeya yotere imafuna mpweya wa 420 kPa, omwe ndi mapaundi 60, ndipo siyenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Yathu titaitsitsa pa jeke inangophwatalala. Pampu tinalibe. Mnyamata wina wa kabaza anaimangirira pa kaliyala n'kupita nayo kokapopetsa, ife n'kukhala pansi pa mtengo kudikira. Kuchokera pomwe tayala linasendeka kufika ponyamukanso panadutsa maola atatu, ndipo zomwe tinkapitira tinazipeza zitatha. Ku Nchalo ndinagula tayala la kaunjika loti lingotifikitsa kunyumba. Ulendo uno ndinawerenga deti, linali la 2016, losasangalatsa koma kunalibe lina la saizi yathu. Tinagona komweko, zomwe sizinali m'mapulani, n'kubwerera m'mamawa kusanatenthe, osapitirira 60.

Tayala losendekalo ndinabwera nalo n'kukawaonetsa madala aja. Sanandinyoze. Anatenga mpeni n'kudula chidutswa kuti ndione m'kati, ndipo apa m'pomwe ndinamvetsa zomwe zimachitika. Pansi pa mano pali malamba awiri a mawaya achitsulo, lina pamwamba pa linzake, mawaya ake opingasana. Pakati pawo pali labala wopyapyala yemwe ntchito yake ndi kumata malambawo. Tayala likamazungulira, m'mphepete mwa malamba amenewa m'momwe mumapindika kwambiri ndi kutentha kwambiri. Labala watsopano amatamuka n'kubwerera. Wa tayala langa anali wouma, ukamukanda ndi chikhadabo ankanyenyeka, ndipo mawaya anatuluka oyera opanda labala wowakakamira, ena ali ndi dzimbiri.

Chomwe chimaumitsa labala ameneyu ndi okosijeni wa mu mpweya womwe timapopera. Mpweya umadutsa pang'onopang'ono m'thupi la tayala, n'chifukwa chake ngakhale tayala lopanda pobooka limafuna kuwonjezera pakapita miyezi. Podutsapo umasintha labala wa m'kati, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Izi zimachitika kaya galimoto ikuyenda kaya yaima. Kunja nako dzuwa ndi mpweya wina wotchedwa ozoni zimang'amba khungu la tayala. Opanga amasakaniza mankhwala ndi phula longa la kandulo loteteza m'labala, zomwe zimatulukira pamwamba tayala likamapindika poyenda, choncho galimoto yongokhala ndi yomwe matayala ake amachita ming'alu msanga. Kuyenda pang'ono kumasunga mano okha. Ndipo ming'alu yakunja ndi chenjezo chabe, pali matayala osalala kunja koma m'kati atatha kale. Polishi wakuda yemwe otsuka galimoto amapaka amangobisa zomwe mukanaona.

Tayala lokalamba likhoza kupirira zaka m'tauni pa liwiro la 50, n'kugonja tsiku lomwe zinthu zinayi zakumana: kutentha, liwiro, katundu ndi mpweya wochepa. Tsiku la ku Nchalo zitatu zinalipo mosakayikitsa, ndipo nditayeza matayala otsalawo ndinapeza onse ali pansi pa mlingo, kotero chachinayi chinaliponso. Tayala lopanda mpweya wokwanira limapindika kwambiri m'mbali, ndipo kupindikako ndiko kumabala kutentha. Palinso vuto lina lomwe silichita phokoso: labala wouma sagwira bwino msewu wonyowa. Mvula yoyamba ya Novembala, phula likamaterera ndi fumbi ndi mafuta, galimoto ya matayala okalamba imakaima patali ngakhale mano ali akuya.

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti nkhaniyi si yachilendo. Kampani yopanga matayala ya Michelin imalangiza kuti tayala likatha zaka 5 likugwira ntchito lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likakwanitsa zaka 10 chipangidwireni lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino, sipeya yomwe. Continental ndi Bridgestone nawo amaika malire pa zaka 10. Ena opanga magalimoto, monga Ford, amanena zaka 6. Ku Britain, kuyambira pa 1 Febuluwale 2021, ndi mlandu kuika tayala loposa zaka 10 kutsogolo kwa basi kapena lole. Ku America, pomwe kampani ya Firestone inaitanitsa kuti abwezedwe matayala ake pafupifupi 6.5 miliyoni mu Ogasiti 2000 chifukwa cha kusendeka kwa mtundu womwewu, ngozi zambiri zinali m'madera otentha akum'mwera monga Texas, Florida ndi Arizona. Nkhani ya kutenthayi ikutikhudza ife kwambiri. Magalimoto ambiri omwe timagula anakhala ku Japan akuyenda pang'ono, amafika ndi matayala a mano koma azaka, kenako timawatengera ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nsanje atadzaza.

Maganizo anga tsopano ndi awa. Tayala losakwana zaka 5, yang'anani mano, zotupa ndi mabala basi. Kuyambira zaka 6, funso lisakhale la mano koma la ntchito yomwe galimoto imagwira. Yongozungulira m'tauni, yogona pamthunzi, matayala opanda ming'alu yakuya ndiponso osanjenjemera, mukhoza kupitiriza mukuwayang'ana miyezi ingapo iliyonse uku mukusunga ndalama. Yoyenda maulendo ataliatali kotentha ndi banja kapena katundu, ine sindingapitirire zaka 6 kapena 7. Ming'alu yoti chikhadabo chikulowa, kapena yoonetsa ulusi pansi pake, chotupa m'mbali, kunjenjemera kobwerera mutachititsa balansi, zimenezi sizidikira deti. Likafika zaka 10 palibenso zokambirana.

Kudikira kwanga kunandilanganso kachiwiri. Galimoto inakhala pakhomo masabata awiri ndikusonkhanitsa ndalama, ndipo kumayambiriro kwa Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Matayala timaitanitsa kunja, ndiye mitengo inakwera nthawi yomweyo. Ndalama zomwe mu Ogasiti zikanagula anayi zinangokwana awiri ndi kachenje. Mukaphatikiza balansi kawiri, alaimenti, tayala la kaunjika lomwe linagwira ntchito masiku ochepa, malo ogona, wa kabaza, kuwongola madigadi, bampala ndi mawaya a nyali, ndinalipira kuposa kawiri mtengo womwe ndinauthawa.

Popeza ndinakwanitsa awiri okha, panabuka mkangano wa komwe aikidwe. Mnyamata wa pasitolo anati, "Achimwene, galimoto iyi imakoka ndi kutsogolo, atsopano apite kutsogolo." Ambiri amaganiza choncho, koma opanga matayala amalangiza kuti awiri atsopano apite kumbuyo, kaya galimoto imakoka ndi mbali iti. Kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva pa chiwongolero ndipo akachepetsa liwiro galimoto imabwerera. Kumbuyo kukaterereka kapena tayala likasendeka, galimoto imazungulira, ndipo si madalaivala ambiri angaibweze. Ndinali nditalawa kale za kumbuyo, ndiye ndinaumirira. Awiri akale omwe ankaoneka bwinoko anakhala kutsogolo kwa mwezi umodzi, galimoto osatuluka m'tauni komanso osapitirira 60, mpaka ndinagula awiri enawo mu Disembala.

Pogula, werengani deti pa tayala lililonse lomwe akukupatsani asanalimange, osati pa lomwe aika pachionetsero. Tayala losungidwa bwino m'nyumba, kopanda dzuwa, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri lilibe vuto, koma la zaka zinayi likugulitsidwa pamtengo wa latsopano ndiye kuti zaka zina mwalipira zopanda ntchito. Onaninso manambala otsatira saizi. Pa 195/65 R15 91H, 91 akutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 615, ndipo H ndi liwiro lofika makilomita 210 pa ola. Musatsike pansi pa zomwe wopanga galimoto analemba, makamaka nambala ya katunduyo. Ngati mwakakamizika kugula la kaunjika, deti likhale loyamba kuona, kenako suzumirani m'kati ngati muli zigamba, makamaka cha m'mbali, komwe sikuyenera kumatidwa. Chenjerani ndi mano osema ndi mpeni wamoto: mizere yake imakhala yosafanana kuya, timapiri tosonyeza kutha timakhala titasowa, ndipo nthawi zina mawaya amaonekera pansi. Ambiri ochokera ku Japan olembedwa kuti studless ndi a m'chipale chofewa. Mano ake amakopa maso chifukwa ndi akuya ndiponso ali ndi timizere tambiri, koma labala wake ndi wofewa, wopangira kozizira, ndipo pa phula lathu amatha msanga komanso sagwira bwino buleki.

Pomanga, uzani amisiri asinthe mavavu, chifukwa nawo ndi labala wa msinkhu womwewo ndipo mtengo wake ndi wochepa. Manati asamangidwe ndi mfuti ya mpweya mpaka kulira. Pa Corolla mlingo wake ndi 103 Nm pa sipanala yoyeza kumangika kwa nati, omangidwa modumphadumpha ngati nyenyezi, ndipo muwaonenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Mpweya tsatani kapepala komata pafelemu ya chitseko cha dalaivala, osati nambala yolembedwa pa tayala, poti imeneyo ndi malire apamwamba. Magalimoto a ku Japan amalemba mu kPa, ndipo 230 kPa ndi pafupifupi mapaundi 33. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pamwezi ndiponso musananyamuke ulendo wautali. Mukayeza pakati pa ulendo mupeza mpweya wakwera, musauphwetse, umatsika wokha tayala likazizira. Sipeya nayo ilowe m'ndandanda umenewu. Yanga ya 2010 ndinaisintha ndi tayala lathunthu pa limu yomwe ndinagula padera, ndipo m'buti tsopano mumakhala pampu yolumikiza ku batire ndi geji yangayanga, chifukwa mageji a pomwetsera mafuta sagwirizana.

Tsiku lomwe ndinamanga awiri omaliza, bambo wina yemwe anali pafupi anawerama, kulowetsa chala m'mizere ya matayala akale aja, n'kundifunsa mtengo. Anati ndi abwino kwambiri, akufuna aike pa galimoto yake yonyamula anthu. Ndinamuonetsa 3113, iye n'kuseka kuti manambala sayenda pamsewu. Ndinabwereka mpeni kwa amisiri n'kuboola lililonse m'mbali, kenako ndinawakweza m'buti. Awiri ali kuseri kwa nyumba, munadzalidwa tsabola, lachitatu anatenga anyamata osoka nkhwaira.